Kachitunda ka pa ziro kamene ndinkayesa Majorana

Unali usiku wa sabata yachitatu ndikugwira ntchito ndekha pa makina a STM, oonera maatomu pogwiritsa ntchito singano yakuthwa, pamene ndinaona chinthu chimene ndinakhala ndikuchilakalaka chiyambire maphunziro anga a kafukufuku. Ndinali nditamanga unyolo wa maatomu 12 a manganese pamwamba pa chitsulo cha niobium, kuika atomu imodzi imodzi, ndipo nditaimika singano kumapeto kwa unyolowo kuti ndiyeze mmene magetsi akudutsira, pa kompyuta panatuluka kachitunda pakati penipeni pa graph, pamalo pamene voliteji ili ziro. Nditasunthira singano pakati pa unyolo kachitundako kanazimirira, ndipo nditabwerera kumapeto kanatulukanso. Ndinabwereza kasanu, zotsatira zake osasintha. Aliyense amene anawerengapo za maunyolo a maatomu a maginito akudziwa chimene chinandifikira m'mutu nthawi imeneyo: ndinkayesa kuti ndapeza Majorana, kanthu kosowa kamene ofufuza timakasaka kumapeto kwa maunyolo otere, ndipo tulo sindinatione usiku wonse. Ndikulemba izi chifukwa cha anzanga amene akuyamba kumene ntchito imeneyi, popeza kachitunda kameneko kanandidyera miyezi iwiri, ndipo miyezi iwiriyo ndikanaipulumutsa ndikanadziwa mafunso oyenera kudzifunsa usiku womwewo.

Kuti zimveke bwino, ndiyambe ndi niobium yeniyeniyo. Mu 1911, ku Leiden, Heike Kamerlingh Onnes anapeza kuti mercury ikazizira kufika pafupifupi 4.2 kelvin (kelvin ndi muyeso wa kutentha woyambira pa kuzizira kotheratu), magetsi amadutsamo popanda chowatsekereza chilichonse. Panapita zaka zambiri chifukwa chake chisanamveke, mpaka mu 1957 pamene Bardeen, Cooper ndi Schrieffer anafotokoza kuti m'zitsulo zotere maelekitironi amagwirana awiriawiri, ndipo awiri ogwiranawo amakhala ndi spin, kamaginito kakang'ono ka elekitironi iliyonse, yoyang'ana mosiyana, wina kumwamba wina pansi. Kuti munthu alekanitse awiriwa ayenera kulipira mphamvu inayake, ndipo chifukwa cha zimenezi pamakhala mpata wa mphamvu mmene elekitironi yoyenda yokha singapeze pokhala. Niobium imasanduka superconductor, kutanthauza chitsulo chodutsa magetsi popanda chowatsekereza, pa 9.2 kelvin ndipo mpata wake ndi pafupifupi 1.5 meV (muyeso wa mphamvu yaing'ono kwambiri) mbali iliyonse ya ziro, pamene mtovu umasanduka pa 7.2 kelvin ndipo mpata wake ndi wocheperapo pang'ono. Munthu akayeza niobium yoyera ndi STM, graph imaoneka ngati chigwa chathyathyathya pakati pa mapiri awiri. Chilichonse chimene chingamere m'chigwa chimenecho chimafuna kufotokozedwa.

Chinthu choyamba chimene chimamera m'chigwamo ndi chimene atomu imodzi ya maginito imabweretsa. Atomu ya manganese kapena ya ayironi ili ndi spin yakeyake, ndipo imakoka elekitironi ya spin imodzi n'kukankha inzake, motero imasokoneza mgwirizano wa awiri aja pamalo pamene yakhala. Zotsatira zake n'zakuti m'kati mwa mpata uja mumapezeka state, kutanthauza malo a mphamvu amene elekitironi ingakhalepo, yomangika pa atomuyo. Yu anaifotokoza mu 1965, Shiba mu 1968 ndipo Rusinov mu 1969, aliyense payekha, n'chifukwa chake timaitchula kuti YSR. Mu 1997 Ali Yazdani ndi anzake anaiona ndi STM pa maatomu a manganese ndi gadolinium oikidwa pa niobium. Mfundo yofunika kwambiri pano, imene ndinaiwerenga kambirimbiri koma osandilowa, ndi yakuti mphamvu ya state ya YSR imadalira mmene atomu yagwirira chitsulo chimene yakhalapo. Ikagwira mofooka, state imakhala m'mphepete mwa mpata. Ikagwira molimba, imasunthira m'kati. Ndipo pamlingo winawake imafika pa ziro penipeni n'kudutsa. Choncho atomu imodzi yokha, popanda chodabwitsa china chilichonse, ikhoza kupereka kachitunda pa ziro.

Chimene tonsefe timafunafuna n'china. Mu 1937 Ettore Majorana analemba za kanthu kamene kangakhale antiparticle ya iko komwe, kutanthauza kuti iko ndi mnzake wotsutsana nako n'chinthu chimodzi, ndipo mu 2001 Alexei Kitaev anasonyeza kuti mu waya wopyapyala kwambiri wa superconductor ya mtundu wina, elekitironi imodzi ikhoza kukhala ngati yagawika pawiri, theka kumapeto kuno, theka linalo kumapeto uko, zonse ziwiri pa mphamvu ya ziro. Matheka awiriwa ndi amene timawatchula kuti ma Majorana. Chimene chimawasunga pa ziro ndi kapangidwe ka waya yense, zimene akatswiri amazitcha topology, nthambi imene inapezetsa Thouless, Haldane ndi Kosterlitz mphoto ya Nobel mu 2016. Popeza uthenga umasungidwa m'matheka awiri otalikirana, phokoso lofika kumapeto kumodzi silingathe kuuwerenga kapena kuuwononga, ndipo apa ndi pamene pagona chiyembekezo cha makompyuta a quantum osalakwitsalakwitsa. Superconductor imene Kitaev ankafuna sipezeka wamba, koma ingathe kupangidwa. Maatomu a maginito akandandalikidwa moyandikana, ma state awo a YSR amalowerana n'kupanga band, kutanthauza gulu la ma state olumikizana, yoyenda m'unyolo wonse, ndipo ngati spin za maatomuwo zikuzungulira pang'onopang'ono motsatira unyolo, kapena ngati chitsulo cha pansi chili ndi spin-orbit coupling yamphamvu, kutanthauza kugwirizana kwa spin ya elekitironi ndi kayendedwe kake, band imeneyo ikhoza kukhala ndi khalidwe limene Kitaev anafotokoza.

Mu 2014 gulu la Yazdani ku Princeton, limodzi ndi Stevan Nadj-Perge, linafalitsa m'magazini ya Science zimene linaona pa maunyolo a ayironi omera okha pamwamba pa mtovu, poyeza pa 1.4 kelvin: kachitunda pa ziro, kumapeto kwa unyolo. Chithunzi chimenecho ndinachiyang'ana kambiri moti ndinkatha kuchijambula osaonera. Mu 2018 gulu la Roland Wiesendanger ku Hamburg linapita patsogolo pomanga maunyolo a ayironi pa rhenium ndi singano ya STM, atomu imodzi imodzi, mpaka maatomu 40, ndipo pambuyo pake linasamukira ku manganese pa niobium chifukwa mpata wa niobium ndi waukulu kwambiri kuposa wa rhenium, imene imasanduka superconductor pa 1.7 kelvin yokha. Ntchito yanga inali kutsatira njira yomweyi.

Anthu amene sanagwirepo makinawa amaganiza kuti chovuta ndi masamu. Kwa ine chovuta chinali kutsuka niobium. Chitsulo chimenechi chimamwa okosijeni, ndipo ukachitenthetsa kuti uyeretse pamwamba pake, okosijeni wina amatuluka m'kati n'kudzaphimbanso pamene wayeretsapo. Njira yake ndi kuchitenthetsa mwadzidzidzi kwa masekondi ochepa kufika pafupi ndi pamene chimasungunukira, pa madigiri 2477 a Celsius, kenaka n'kuchisiya kuti chizizire, kubwerezabwereza m'chipinda chochotsedwa mpweya wonse. Ukaopa kutentha, okosijeni sachoka. Ukapyola muyeso, chitsulo chimasungunuka. Ine ndinachita zonse ziwiri. Miyezi itatu yoyamba ndinkangoona mizeremizere ya okosijeni pachithunzi chilichonse, ndipo tsiku lina nditatopa ndinaonjezera magetsi mopitirira, ngodya imodzi ya crystal inasungunuka n'kukhala kampira. Pamene ndinapeza malo oyera okwanira kumangapo unyolo, ndinali ndi njala yoona chinthu chabwino, ndipo njala imeneyi inali mbali ya vuto limene linadza pambuyo pake.

Makina a STM, amene Gerd Binnig ndi Heinrich Rohrer anapanga ku Zürich mu 1981, amagwira ntchito ndi singano yakuthwa imene imaima pamwamba pa chitsulo pamtunda wosakwana nanometre imodzi osachikhudza. Maelekitironi amadumpha kampata kameneko, ndipo magetsi odumphawo amasintha pafupifupi kakhumi singano ikangoyandikira ndi gawo limodzi la magawo khumi a nanometre, n'chifukwa chake atomu iliyonse imaoneka payokha. Singano ikatsitsidwa pang'ono pamwamba pa atomu, imaikoka n'kuyenda nayo, monga mmene Don Eigler anachitira mu 1989 polemba zilembo za IBM ndi maatomu 35 a xenon. Kufotokoza n'kosavuta, koma kuchita kumafuna kudekha, pakuti atomu imatha kukana kusuntha, kapena kudumphira pa singano n'kuisintha khalidwe, kapena kugwera pamalo olakwika n'kugwirana ndi inzake moti sungailekanitsenso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'chipinda chimenecho mawuwa ndinawamvetsa. Unyolo wa maatomu 12 uja unanditengera masiku anayi.

M'mawa mwake ndinapita kwa a pulofesa amene ankandiyang'anira, graph ili m'manja, mtima uli dyokodyoko. Iwo anaiyang'ana kwa kanthawi osalankhula, kenaka anandifunsa kuti makina anali pa kuzizira kotani. Ndinayankha kuti anali pa 1.5 kelvin. Anafunsanso kuti singano inali ya chitsulo chanji, ndipo ndinati ya tungsten. Atatero anandipatsa cholembera n'kunena kuti, "Tawerengera wekha kuti zinthu ziwiri ziyenera kutalikirana bwanji kuti makina ako azione ngati ziwiri." Masamu ake ndi a mzere umodzi. Singano ya chitsulo wamba imafufutitsa chilichonse ndi mlingo wa pafupifupi 3.5 kuchulukitsa ndi mphamvu ya kutentha, ndipo kelvin imodzi ndi 0.086 meV, choncho pa 1.5 kelvin kufufutikako kumakwana 0.45 meV. Izi zikutanthauza kuti state ya YSR yokhala pa 0.1 meV, imene nthawi zonse imaonekera mbali zonse ziwiri za ziro, ingaoneke pa makina anga ngati kachitunda kamodzi kokhala pa ziro. Masamu amenewa ndinkawadziwa, ndipo ndinawalembapo pamayeso, koma usiku uja sanabwere m'mutu mwanga ngakhale pang'ono.

Funso lachitatu ndi limene linandichititsa manyazi. Anafunsa kuti, "Nanga kumapeto enawo kuli chiyani?" Zoona zake n'zakuti ndinali nditayezako kamodzi, ndipo kunalibe kachitunda kooneka bwino, koma ndinadziuza kuti mwina singano inasintha pang'ono, ndipo graph imeneyo sindinaisindikize. Sindinabise dala, koma sindinganenenso kuti sindinabise. Ma Majorana amabwera awiriawiri, chifukwa ndi matheka a chinthu chimodzi, kotero kuti unyolo wofanana mbali zonse, womangidwa pamalo oyera, suyenera kukhala ndi Majorana kumapeto kumodzi kokha. Pa maunyolo omera okha, monga a ayironi pa mtovu, nthawi zambiri mbali imodzi imachokera pa kachulu ka ayironi moti kuyeza mbali zonse n'kovuta, koma ife amene timamanga tokha tilibe chowiringula chimenecho, ndipo ndicho chifukwa chachikulu chimene timavutikira kumanga atomu imodzi imodzi. A pulofesawo sanandikalipire. Anangonena kuti kuyambira tsiku limenelo ntchito yanga inali kuyesetsa kupha kachitunda kangako, ndipo kakadzakana kufa ndi pamene tidzakambirane za Majorana.

Choyamba tinatsitsa kutentha. Makina athu ankatha kufika pa 0.3 kelvin pogwiritsa ntchito helium-3, koma kwa maola owerengeka okha asanafunike kukonzedwanso, ndipo pa kuzizira kumeneko kufufutika kuja kumatsika kufika pa 0.09 meV. Ndinabwerera pamalo omwe aja, mtima uli phaphapha, ndipo graph itatuluka, kachitunda kaja kanali katagawanika pakati, timitu tiwiri tili mbali ndi mbali, pa ziro penipeni pali kadzenje. Ndinayesa kudzitonthoza kuti unyolo wanga unali waufupi, ndipo m'unyolo waufupi ma Majorana awiri amafikirana n'kuchoka pa ziro pang'ono, zimene n'zoona. Koma zikanakhala choncho, kugawanika komweko kukanaonekanso kumapeto enawo, pa mphamvu yofanana, popeza ndi state imodzi yokhala malo awiri. Kumeneko kunalibe chilichonse pa mphamvu imeneyo.

Chachiwiri tinasintha singano. Ukaibaya pang'ono mu niobium yoyera, nsonga yake imatola maatomu a niobium n'kusanduka superconductor nayonso, ndipo singano yotere imaona bwino kwambiri kuposa mmene kutentha kungalolere singano wamba, chifukwa mphepete ya mpata wake ndi yakuthwa. Mtengo wake ndi wakuti chilichonse chimasunthika ndi kukula kwa mpata wa singanoyo, motero state ya pa ziro imaoneka ngati zitunda ziwiri, china kumanja china kumanzere, pa voliteji yofanana ndi mpatawo. Apa pali mayeso ena abwino. Majorana ndi elekitironi ndi hole (malo amene elekitironi yachokapo) mofanana ndendende, choncho zitunda ziwirizo ziyenera kutalika mofanana, pamene state wamba ya YSR kawirikawiri imalemera mbali imodzi. Zanga zinali zosiyana moonekeratu, china chachitali kuposa chinzake. Kuonjezera apo, ndikatsitsa singano kuyandikira atomu yomaliza, zitundazo zinkasuntha, chifukwa singano inkakoka atomuyo n'kusintha mmene yagwirira niobium. Chinthu chotetezedwa ndi topology sichiyenera kusuntha chifukwa chokhudzidwa mbali imodzi.

Chimene chinatsala chinali kupeza gwero lake. Nditajambulanso malowo mosamala, singano ili pafupi kwambiri, ndinaona kadontho kakuda pambali pa atomu ya nambala 12, kamene pazithunzi zoyamba sikankaoneka chifukwa kuwala kwa manganese kunkakaphimba. Kanali kachilema ka pamwamba pa niobium, ndipo maonekedwe ake anali ofanana ndi a okosijeni wotsalira amene ndinalimbana naye miyezi itatu ija. Atomu yomalizayo, pokhala pafupi ndi kachilemako, inagwira niobium mosiyana ndi anzake, ndipo state yake ya YSR inatsikira pafupi ndi ziro mwangozi. Pofuna kutsimikiza, ndinakoka atomuyo kuichotsa pa unyolo, ndipo timitu tiwiri tija tinazimirira osasamukira pa atomu ya nambala 11, pomwe Majorana weniweni akanangosamukira pamapeto atsopanowo. Kenaka ndinamanganso unyolo wa maatomu 12 pamalo ena oyera, molunjika mbali yomweyo ya crystal, ndipo pa ziro panalibe kanthu mbali zonse ziwiri.

Sindibisa kuti zinandipweteka, ndipo kwa masiku angapo ndinkalowa mu labotale mokakamizika. Chimene chinandithandiza chinali kuwerenganso zimene ena anafalitsa, ulendo uno ndikuyang'ana zimene poyamba ndinkazidumpha. Gulu la Katharina Franke ku Berlin linayeza maunyolo a ayironi pa mtovu mu 2015 ndi singano ya superconductor, ndipo linapeza kuti m'kati mwa mpata muli ma state ambiri othithikana, ndipo kachitunda ka pa ziro sikankapezeka pa unyolo uliwonse. Mu 2017 gulu lomweli linayeza maunyolo a cobalt pa mtovu womwewo osapeza chizindikiro cha Majorana kumapeto. Chaka chomwecho gulu la ku Princeton linabwereza ntchito yake pa kuzizira kwakukulu kwambiri, ndiponso linayeza spin ya kachitunda kaja pofuna kukasiyanitsa ndi state wamba ya YSR, zimene zikusonyeza kuti iwonso ankadziwa kuti chithunzi cha 2014 pachokha sichinali chokwanira. Mu 2022 ofufuza a ku Halle anafalitsa za maunyolo a chromium pa niobium amene anali ndi ma state a pa ziro kumapeto, n'kusonyeza kuti sanali ma Majorana.

Kunja kwa maunyolo a maatomu nkhani ndi yomweyi. Mu 2012 gulu la ku Delft linaona kachitunda ka pa ziro mu waya wa indium antimonide wolumikizidwa ndi superconductor, motsatira maganizo amene anafalitsidwa mu 2010, ndipo zimenezi zinatsegula mpikisano waukulu. Masamu amanena kuti Majorana weniweni, pa kuzizira kotheratu, ayenera kupereka kachitunda ka msinkhu wodziwika, 2e²/h, ndipo mu 2018 m'magazini ya Nature munatuluka pepala lonena kuti msinkhu umenewo waoneka, koma pepalalo linachotsedwa mu 2021 ena ataunikanso manambala onse amene anayezedwa. Ndinkaidziwa nkhaniyi ndisanayambe ntchito yanga, ndipo ndinkaganiza kuti zoterezi zimachitikira anthu ena. Nditakumbukira graph ija imene sindinaisindikize, ndinazindikira kuti kusankha zimene maso akufuna kuona sikufuna munthu wachinyengo, kumangofuna munthu wotopa amene wadikira nthawi yaitali.

Pali mfundo imodzi imene ndikufuna kuti oyamba kumene aimvetse, chifukwa ndi imene inasintha kaganizidwe kanga. Kachitunda ka pa ziro ndi theka la umboni, ndipo mwina si theka lofunika kwambiri. Chimene chimateteza Majorana ndi kampata kena kakang'ono kamene kayenera kutseguka m'kati mwa band ya YSR, pakati pa ziro ndi state yotsatira, m'unyolo wonse. Kampata kameneka kakakhala kakakulu, ma Majorana amakhala omangika kumapeto ndipo safikirana. Kakakhala kakang'ono, amatambasuka m'unyolo mpaka kukumana pakati, ndipo mphamvu yawo imachoka pa ziro n'kumakwera ndi kutsika pamene unyolo ukutalikitsidwa. Gulu la ku Hamburg linaona kukwera ndi kutsika kotereku pa manganese pa niobium mu 2022, mbali zonse ziwiri za unyolo nthawi imodzi, ndipo mosamala linazitcha akalambulabwalo a Majorana, popeza maunyolo awo sanatalike mokwanira poyerekeza ndi kuchepa kwa kampatako. Kukula kwa kampataka kumadalira kwambiri spin-orbit coupling, imene imakhala yamphamvu m'zitsulo zolemera monga mtovu, rhenium ndi tantalum, pamene niobium, ngakhale ili ndi mpata waukulu ndiponso imalola kusuntha maatomu, ndi yopepukirapo. Apa ndi pamene pali mfundo yomangika ya ntchito yonseyi: chitsulo chimene chimapereka chimodzi chimamana china. Choncho munthu akandionetsa kachitunda ka pa ziro masiku ano, ndimayamba ndayang'ana pambali pake ndi pakati pa unyolo, kuti ndione ngati pali chigwa choyera chokalekanitsa ndi ma state ena. Ngati chigwacho palibe, dzina limene tingakapatse kachitundako lilibe ntchito, chifukwa palibe chokateteza.

Kagwiridwe kanga ka ntchito kanasintha m'njira zingapo zimene aliyense angatengere. Ndisanayambe kumanga, ndimalemba m'buku la labotale zimene zingandichititse kuvomereza kuti ndalakwa, ndipo ndimalemba ndisanaone graph iliyonse, mtima usanakondere mbali. Ndimajambula malo omangapo asanafike maatomu, singano ili pafupi, kuti kachilema kalikonse ndikadziwe kasanabisike. Ndimayeza atomu imodzi payokha, kenaka ziwiri, kenaka zitatu, ndipo pa utali uliwonse ndimayendetsa singano kuchokera kunja kwa mapeto ano mpaka kunja kwa mapeto enawo, kuti ndione kumene state iliyonse yachokera ndi mmene ikusunthira. Manganese ili ndi ma orbital asanu a d, malo okhalamo maelekitironi mu atomu, ndipo angapo mwa iwo amapereka state yawoyawo ya YSR, kotero kuti munthu amene wangoyamba kuyeza pa atomu ya nambala 12 amapeza chipwirikiti cha zitunda chimene sangathe kuchimasulira. Graph iliyonse, yokongola ndi yonyansa yomwe, imapita mu foda imodzi imene anzanga onse a mu labotale angathe kutsegula. Ndinalembanso kapulogalamu kakang'ono pa kompyuta kowerengera unyolo wa Kitaev ndi wa ma state a YSR, ndipo ndimakauza kuti kafufutitse zotsatira ndi kutentha kwa makina athu. Ndikulangiza aliyense kuti achite zimenezi sabata yake yoyamba, pakuti ukaona ndi maso mmene ma state wamba amasandukira kachitunda kokongola ka pa ziro pa 1.5 kelvin, sudzakhulupiriranso graph imodzi yokha.

M'maganizo anga, kuthamangira dzina la Majorana kwaphimba zinthu zina zimene maunyolowa akutiphunzitsa, zimene pazokha n'zodabwitsa. Ukasintha mbali ya crystal imene unyolo walunjika, kapena mtunda wa pakati pa maatomu, spin zimatha kuyang'ana kumodzi zonse kapena kusinthanasinthana, ndipo zimenezi ungazione ndi singano imene yatola atomu ya maginito kunsonga. Maelekitironi a mu band ya YSR amagunda kumapeto n'kubwerera, n'kupanga mafunde oima amene ungawawerenge pachithunzi, funde limodzi, awiri, atatu, monga a pa chingwe chomangidwa mbali zonse, ndipo kuchokera pa mafundewo ungajambule band yonse ya chinthu chimene wachimanga ndi manja ako. Zinthu zochepa kwambiri mu fizikisi zimalola munthu kuonjezera atomu imodzi n'kuona yankho tsiku lomwelo. Ngakhale Majorana wotsimikizika atadzapezeka pa unyolo wotere, padzatsalabe ntchito yovuta yosinthanitsa malo a ma Majorana awiri kuti khalidwe lawo lapadera lioneke, ndipo pa maatomu okhazikika pa chitsulo palibe mawaya a voliteji oyendetsera zimenezi monga zilili pa mawaya a semiconductor.

Unyolo umene ndikumanga panopa wafika maatomu 27, ndipo uli pamalo amene ndinawajambula katatu ndisanaikepo atomu yoyamba. Pa utali wa 19 state ina inatsika mpaka kukhudza ziro mbali zonse ziwiri, ndipo ndinamva mtima ukuyambanso kuthamanga monga usiku uja, koma ndinalemba nambala yake m'buku n'kukoka atomu ya nambala 20. State ija inakweranso. Mnzanga amene wayamba chaka chino anali pambali panga, ndipo anafunsa ngati sitikanayenera kuimira pa 19 n'kuitana a pulofesa. Ndinamupatsa cholembera, n'kumuuza kuti ayambe wawerengera kuti pa 0.3 kelvin makina athu amasiyanitsa zinthu zotalikirana bwanji, ine ndikukasaka atomu ya nambala 21.